Kunja kwa Nyanga ya Namondwe

11 Januwale

Amake Chimtali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli gwa, inu, mzime wathu ndi mpongozi wathu. Ine kuno ndadzuka bwino, kungoti bondo lija limandikumbutsa zaka zanga ndikamakwera masitepe. Pa foni ya aphunzitsi timangoti moni moni mayunitsi atha, n'chifukwa chake nkhani zenizeni ndimaziika papepala.

Mwana wanu ali bwino, akudya ngati amulemba ganyu yakudya. Chipinda chathu ndi chomwe chija, koma chachepa chifikireni iye. Bedi ndamusiyira, ine ndimayala matiresi pansi, komabe mapazi ake amatuluka kunja kwa bedi mpaka kukakhudza chitseko. M'mawa ndikafuna kutuluka ndimayamba ndapempha njira kwa mapaziwo. Inu munabereka mlongoti, osati munthu.

Ntchito ya kudoko akuigwira ndi mtima wonse. Maboti a asodzi akafika, iye ndi anzake amatsitsa nsomba n'kuziika m'mabokosi a ayezi. Amabwera manja atachita dzanzi, fungo lili patsogolo, mwini wake ali m'mbuyo. Kapitawo wake akuti mnyamatayo alibe ulesi.

Za ine pali nkhani yabwino. Ku ofesi ya zanyengo kuja sindikungokolopa tsopano. Mkulu amene ankaulutsa mabaluni wapuma pantchito, ndiye aphunzitsa ine. Musaseke, si mabaluni a ana ayi. Ndi chibaluni chachikulu, ndikachipopa chimadzaza khomo la galaja, ndipo kumunsi kwake timamangirira kabokosi koyera koyeza mphepo, kutentha ndi chinyezi cha kumwamba. Ndimachisiya kawiri pa tsiku pabwalo la kuseri, n'kumachiyang'ana mpaka chitasanduka kadontho. Kabokosiko kamatumiza manambala kwa akatswiri amene amakhala m'chipinda cham'mwamba. Choncho anthu akuno akamamva pa wailesi kuti mawa kugwa mvula, muli dzanja la mwamuna wanu mmenemo. Anzathu akwathu amene timamwa nawo tiyi pa kanyumba ka pakona ayamba kunditchula kuti Mlosi. Pakamwa ndimakana, koma mtima umavina.

Ndatumiza kangachepe ndi adalaivala a thiraki amene abweretse kalatayi. Mugulire mzime nsapato za kusukulu, zokulirapo pang'ono, poti magazi ndi omwewo. Zotsalazo mupatse mmisiri amalize mawindo a nyumba ya Chimtali. Malata adikire kaye, mwini wake akuti adzagula ndi thukuta lake.

Mawu anu aja sindinaiwale. Munati, "Mwanayo mutengeni, koma pamadzi asakapondepo." Ndikuwasunga. Kungoti amene amapita ndi maboti amalandira kuwirikiza, ndipo iye maso ali nawo. Dzulo tinakambirana, mawu anakwera pang'ono, koma tinadyera m'mbale imodzi.

Ndine wanu,
Bambo a Chimtali

3 Febuluwale

Amake Chimtali,

Moni kwa nonse. Ife awiri tili bwino. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndamva kuti nsapato zija mzime akugona nazo. Muuzeni kuti nsapato sizithawa.

Kuno kuntchito kwatentha. Kutali pakati pa nyanja yamchere kwabadwa namondwe, ndipo akatswiri amupatsa kale dzina la munthu wamkazi, ngati khanda la kuchipatala. Ndinawafunsa kuti bwanji osangomupatsa dzina la apongozi a munthu, anaseka mpaka kutsokomola. Zimenezi musawauze amayi anu.

M'chipinda cham'mwamba muli sikirini yaikulu pakhoma, ndipo mkulu wa mmenemo ndi mayi wamfupi wa magalasi okhuthala. Ife a pansi timangoti Amayi a Magalasi. Chenjezo lililonse lisanapite ku wailesi limadutsa m'manja mwawo. Alibe matama, ndikamakolopa amandilola kuima n'kumaonerera. Pa sikiriniyo namondwe amaoneka ngati thovu la sopo likamazungulira polowera m'paipi. Amawaika m'magulu asanu: gulu loyamba ndi kamwana, lachisanu ndi chilombo chosasiya denga. Uyu ali m'gulu loyamba.

Pa mapu amajambulapo chinthu chooneka ngati nyanga ya ng'ombe. Kunsonga kwake ndi pamene namondwe ali lero, ndipo nyangayo imanka nikula kumene akulowera masiku akubwerawa. Ndinafunsa kuti, "Amayi, chinthu chopanda miyendo, mumadziwa bwanji kumene chikupita?"

Anati, "Njira yake timaidziwa ndithu, bambo. Chimene chimatichititsa manyazi ndi mphamvu yake. Akhoza kugona ali kamwana n'kudzuka ali chimphona."

Anandifotokozera kuti chakudya cha namondwe ndi madzi otentha, ndipo mdani wake ndi mphepo ya kumwamba yowomba chopingasa, imene imamudula mutu. Kenako anati, "Mabaluni anuwo ndi amene amatithandiza kudziwa za mphepo imeneyo." Amake, tsiku limenelo ndinakolopa ngati bwana.

Madzulo pa tiyi anthu anandizungulira. Ndinaviika chala m'kapu n'kujambula nyanga ija patebulo, onse ali kukamwa yasa, ndi Chimtali yemwe. Panali akaputeni a boti lina, munthu wa imvi wosalankhulalankhula. Akusowa munthu mmodzi, chifukwa msodzi wawo wina wamva za namondweyu n'kukana ulendo. Ndinawaona akumuyeza mwana wathu ndi maso kuyambira kumapazi. Pobwerera kunyumba Chimtali anati, "Madala, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi." Ndinamuyankha kuti amake si ng'ona, ndipo ali ndi dzanja lolemera. Ndamukaniza.

Mpunga wakwera mtengo, mafuta ophikira ndiye musanene. Pakhonde paja pamene pakudontha muikepo beseni kaye, musakwere nokha padenga. Achimwene anu akafunsanso za njinga yanga, muwauze kuti ilibe tcheni.

Wanu yemwe uja,
Bambo a Chimtali

6 Febuluwale

Amake Chimtali,

Moni nonse kumeneko. Ine ndili bwino. Adalaivala anyamuka madzulo ano, ndiye ndikulemba mothamanga nditakhalira chidebe m'chipinda cha mabaluni.

Ndiyambe ndi kupepesa, ndipo mundimvetsere mpaka kumapeto musanapse mtima. Chimtali wapita ndi boti m'mawa uno. Ndi ulendo umodzi wokha, wa sabata ndi theka, ndipo malipiro ake akwanira malata onse. Mmene muziwerenga kalatayi adzakhala akuganiza zobwerera.

Dzulo masana anabwera pa geti la ofesi, manja ali m'matumba. Anati, "Madala, akaputeni akufuna yankho lero. Ine mwakuba sindipita. Inu ndi amene mumaona zinthuzi. Mukati ndisapite, sindipita." Mukumudziwa mwana wanu, akamalankhula mofatsa ndiye kuti nkhani ili pamtima. Akuti akuchita manyazi kuti mkazi wake akugonabe m'nyumba mwanu chaka chachiwiri chino, makoma ake ali chiimire opanda denga.

Ndinamuuza kuti andidikire. Ndinatenga mopu n'kukwera m'mwamba, ngakhale ndinali nditakolopamo kale. Amayi a Magalasi anali ndi mafoni awiri, ina kukhutu ina m'manja, ndiye sindinafune kuwasokoneza. Ndinaima ndekha pa sikirini. Namondweyo akadali m'gulu loyamba, ndipo pambali alemba kuti mphepo ya kumwamba imudula mutu mkuja, afooka. Nyanga yapindikira kutali ndi ife. Malo amene botilo likukagwira nsomba ndikuwadziwa, akaputeni anandilozera pa mapu awo. Ndinayeza ndi dzanja langa pagalasi, ali kunja kwa nyanga ndi zala zitatu zathunthu, ndipo pa mapu chala chimodzi ndi mtunda wautali.

Ndinatsika n'kumuuza kuti, "Pita. Chinthucho chikudutsa kwina, ndaona ndi maso angawa." Anandinyamula m'mwamba pa geti pomwepo ngati thumba, alonda akuonerera. Ulemu wanga wonse unathera pamenepo.

Wailesi ikuti maboti asamale, koma a wailesi amatero nthawi zonse, kuopa kudzanenedwa. Maboti enanso asanu apita. Ndamugulira jekete la mvula ndi mankhwala a mseru. Ndinamuperekeza kudoko, anaima kumbuyo kwa boti, ndipo anali womalizira kundisowa m'maso poti ndi wamtali kuposa onse.

Mpongozi mumuuze modekha. Mmisiri ayambe kufunafuna mitengo ya denga, yowongoka, asatigulitse yopindika ngati ulendo uja.

Ndine wanu,
Bambo a Chimtali

11 Febuluwale

Amake Chimtali,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndili moyo, m'thupi simukupweteka paliponse.

Mwina mwamva kuti kuno kunawomba mphepo. Musatekeseke ndi za anthu, amakonda kuthira mchere. Tauni yathu namondwe sanaiponde, anangoikhudza ndi mchira. Mumsewu mwathu mwagwa mitengo ndi chikwangwani cha sitolo ya mankhwala, magetsi sanayakebe, ndipo madzi analowa m'chipinda mpaka m'akakolo. Matiresi ndayanika pampanda. Ndikugona pampando, pabedi sindinagonepo. Kandulo imodzi akuigulitsa mtengo wa buledi awiri.

Kuntchito sitinapume. Patapita masiku awiri Chimtali atanyamuka, ndinaulutsa baluni la m'mawa, kenako ndinakwera ndi tiyi wa akatswiri. Ndinapeza anthu onse m'chipinda ataimirira. Pa sikirini, pakati pa thovu lija, panali patatseguka kabowo kakuda kozungulira bwino ngati batani. Amayi a Magalasi anangoti, "Diso latseguka." Mphepo ya kumwamba imene ankaidalira sinabwere, ndipo baluni langa lomwe linachitira umboni. Namondweyo anapeza madzi otentha n'kuyamba kudya. M'mawa anali m'gulu loyamba, dzuwa likupendeka anali m'lachitatu, kutacha anali m'lachinayi. Mnyamata wina wa makompyuta ankangobwereza kuti palibe makina amene anaona zimenezi. Amayiwo anavula magalasi, anapukuta kumaso, n'kuimbira a kudoko kuti aitane maboti onse abwerere.

Ine ndinayang'ana nyanga. Inali pomwe paja, sinasunthe kwenikweni. Koma thovulo linali litasefukira kunja kwake mbali zonse, mpaka kuphimba pamene ndinaika zala zanga. Tiyi ndinaika patebulo bwinobwino, sindinataye ngakhale dontho.

Mwa maboti aja, anayi afika, anthu ali otopa koma amoyo. Lachisanu lamveka pa wailesi ya kudoko, likubwera pang'onopang'ono ndi injini yodwala. La a Chimtali silinamveke. Koma akuti mlongoti wa wailesi ukathyoka, boti limakhala duu ngakhale lili bwinobwino, ndiponso akaputeni awo ndi munthu wakale panyanja. Chakudya ananyamula cha masiku ambiri.

Ndiye musayambe zolira, ndipo mpongozi musamuuze kanthu kaye. Kulira munthu wamoyo n'kumuitanira tsoka. Ndikangomva kanthu ndiimba kwa aphunzitsi nthawi yomweyo.

Mwezi uno nditumiza zochepa. Mzime asamayende pamvula opanda juzi.

Wanu,
Bambo a Chimtali

19 Febuluwale

Amake Chimtali,

Moni. Ine ndilipo, kudya ndikudya.

Aphunzitsi andiimbira kangapo, nambala yawo ndaiona, ndipo ndikudziwa kuti munali inu pambali pawo. Foni ndinaigwira m'manja mpaka inasiya kulira. Ndikhululukireni. Papepala ndimatha kuima n'kupuma. Pa foni mungandifunse funso limodzi lokha, ndipo yankho lake ndilibe.

Boti lachisanu lija lafika. Latsala limodzi. Pali ndege imene ikufufuza, ndipo amene akuiuza koyang'ana ndi ofesi yathu yomweyi. Amatenga malo amene botilo linalankhula komaliza, amawerengera mphepo ndi kayendedwe ka madzi, n'kujambula mzere wozungulira pa mapu. Akuti ngati anthuwo analowa m'kaboti kopopa kamene boti lililonse limanyamula, ali penapake m'kati mwa mzere umenewo. M'kabotimo mumakhala madzi akumwa ndi mabisiketi. Vuto ndi lakuti kukacha mzerewo umakhala utakula. Tsiku loyamba ndinkauphimba ndi chikhatho chimodzi, lero manja awiri sakukwana. Ndege ndi imodzi yokha.

Alonda anawatsina khutu Amayi a Magalasi kuti ndili ndi mwana pa botilo. Amayiwo anandiitana, anandipatsa mpando wawo, n'kufunsa kuti, "Bambo, bwanji simunandiuze?"

Ndinawafotokozera zonse, za pa geti ndi za zala zitatu zija. Iwo anatenga pepala n'kujambula nyanga.

"Nyangayi si thupi la namondwe," anatero. "Ikungosonyeza malo amene pakati pake pangadutse, basi. Mphepo yake imafika kutali kunja kwake, mbali zonse ziwiri."

Ndinati, "Ndiye kuti kunja kwa nyanga si kunja kwa ngozi?"

"Ayi. Anthu ambiri amaiwerenga monga munachitira inu, ndi ophunzira omwe. Ndiponso zoti afooka tinalemba ndife, si inu."

Ankafuna kundipepuza katundu, Mulungu awadalitse, koma katundu wina sagawana. Zaka zonsezi ndakolopa pansi pa mapu amenewo, ndipo kafunso kakang'onoko sindinafunse. Tsiku lija anali pomwepo, chapafupi moti ndikanawakhudza ndi mopu. Ndinaona ngati Mlosi safunsa. Mtima wanga ukuwawa, amake, ukuwawa moti ndikusowa poukhazika.

Pa tiyi paja ndasiya kupita. Ndikaulutsa baluni la m'mawa ndimathamangira kudoko, kumene kumaima akazi ndi abale a anthu ena a m'botimo. Chinenero chawo sindichimva bwino, nawonso changa sachimva, koma timasunthirana malo pa benchi.

Mpongozi muuzeni tsopano, asamve kwa anthu a pamsewu. Muuzeni kuti boti lachedwa. Kuchedwa kokha. Abale akabwera kudzakhala nanu alandireni, koma pakhomo pathu pasamveke kulira. Mmisiri asasiye ntchito.

Ndine,
Bambo a Chimtali

6 Malichi

Amake Chimtali,

Ndikhulupirira kuti mutu uja wasiya, ndipo mukumwa mankhwala. Ine ndilipo.

Kalata yanu ndalandira, yaifupi ija. Ndaiwerenga. Zonse mwanenazo n'zoona, sinditsutsa ngakhale chimodzi.

Ndege inasiya kufufuza. Palibe anandiuza, onse ankaopa kuyamba. Ndinangokwera m'mwamba tsiku lina n'kupeza mzere uja palibe, pa sikirini pali mapu a mvula wamba. Ndinakolopa n'kutsika.

Sabata yatha kudoko kunamveka uthenga. Sitima ya katundu inatola munthu mmodzi m'kaboti kopopa, ali chikomokere, wopanda mapepala, n'kukamusiya kuchipatala cha doko lina kutali ndi kuno. Atatsitsimuka anatchula dzina la boti lathu, ndipo anamwino anati ndi mlendo, chinenero cha kuno amachilankhula mothyoka. Amake, ndinakwera basi ndi yunifolomu ya kuntchito. Ulendo wa tsiku lathunthu ndinauyenda ndikuyeseza mawu omukalipira nawo. Ndinamugulira ndi malalanje omwe.

Namwino ananditsogolera m'wodi n'kuloza bedi la kumapeto, la pawindo. Munthuyo anali atafunda bulangete, nkhope ili kukhoma. Sindinafunikire kufika pafupi. Bedi linamukwana, kumapazi kunatsala malo.

Anali wophika wa m'botimo, bambo wamng'ono thupi wochokera dziko lina, milomo yonse ili zilonda. Nditamuuza kuti ndine yani anandigwira dzanja. Akuti masiku oyamba Chimtali anasanza mpaka anzake kumuseka, koma kenako anazolowera, n'kumapempha mbale yachiwiri. Uthenga woti abwerere anaumva, ndipo anatembenuka nthawi yomweyo, koma botilo linali litalemera ndi nsomba, namondwe anali ndi liwiro kuposa iwo. Kaboti kopopa kanali komangiriridwa padenga la chipinda cha akaputeni, ndipo boti litayamba kupendekeka, makwerero anali atapita ndi madzi. Anati, "Mwana wako ndiye anakamasula. Ndi yekha amene ankafikira." M'kabotimo analowa atatu, ndipo watsala yekha. Zina zimene ananena ndidzakuuzani ndi pakamwa.

Koma imvani ichi. Ndinamufunsa kawiri ngati anamuona Chimtali akumira, ndipo kawiri konse anati ayi. Akuti anali atavala jekete loyandamitsa, funde linangowasiyanitsa. Sitima zimadutsa zambiri m'nyanja imeneyo, zopita maiko akutali. Ngati ina inatola wophika, bwanji ina singatole mwana wathu n'kupita naye kumene kulibe omva chinenero chake? Ndiye zimene akunena achimwene anu zoti tisonkhanitse anthu, ndakana. Maliro opanda mtembo, a munthu amene palibe anamuona akufa, pakhomo panga ayi.

Mwezi uno sinditumiza kanthu, basi inadya zonse. Mwini boti watumiza envelopu, ati malipiro a ulendowo. Ndaiika pansi pa pilo, mwini wake adzatsegula yekha.

Wanu,
Bambo a Chimtali

27 Malichi

Amake Chimtali,

Moni, mkazi wanga. Moni kwa mzime ndi mpongozi. Za thanzi langa musadandaule, miyendo ikundinyamula.

Kunyanja kwabadwanso namondwe wina, ndi dzina lake latsopano ndi nyanga yake. M'chipinda cham'mwamba mafoni ayambanso kulira. Chenjezo akulilemba mwanjira ina tsopano, akumawonjezera kuti mphepo yoopsa imafika ndi kunja kwa nyanga komwe, ndiponso kuti mphamvu yake ikhoza kukwera modzidzimutsa. Ndi zabwino, zithandiza ana a anthu ena. Dzana mnyamata wina wakwathu, wongofika kumene, anandiimitsa pamsewu n'kuti, "Akuti inu ndinu a Mlosi, uyu ndiye adutsa kuti?" Ndinamuuza kuti ine ndimapopa mabaluni, akamvere wailesi mpaka kumapeto.

Kalata yanu yatsopano ija ndaiwerenga kambirimbiri. Mukuti mpongozi wasiya kudya, thiraki ikangomveka pamsewu amathamangira panja, ndipo makolo ake abwera kudzafunsa ngati adikire kapena amutenge. Mukuti inunso mumakalirira kumunda, mobisa ngati wakuba, chifukwa mwamuna wanu analetsa kulira pakhomo. Ndipo mwamaliza ndi mawu akuti, "Inu odziwa zamawa, tiuzeni chochita." Mawu amenewo andilasa, koma ndi oyenera ine.

Ndiye dzulo ndinachita chimene ndinayenera kuchita tsiku lija. Ndinasiya mopu pakhomo, ndinadikira mpaka Amayi a Magalasi atatsitsa foni, n'kuima patsogolo pawo.

Ndinati, "Amayi, inu chilichonse mumachipatsa nambala. Mvula ya mawa mumati mwayi wake ndi wakutiwakuti mwa zana. Mwana wanga mumupatsa zingati?"

Anati, "Bambo, imeneyo si ntchito yanga."

Ndinati, "Ulendo uja sindinakufunseni. Lero ndafunsa. Musandinyengerere."

Anawauza anyamata aja kuti atuluke kaye. Kenako anandifotokozera mosabisa, monga amachitira ndi namondwe. Munthu wa jekete m'madzi otentha akhoza kupirira masiku ochepa, ngati nyanja ili bata, koma tsiku limenelo mafunde anali aatali kuposa nyumba yathu ya ofesi. Sitima zonse zimene zinadutsa kumeneko zinafika kale kumene zinkapita, ndipo Amayiwo analembera madoko onsewo limodzilimodzi, osandiuza ine. Onse anayankha kuti mwana wathu sanamuone.

Ndinati, "Nambala, amayi."

Anati, "Palibe, bambo. Ndikanakhala ndi imodzi yokha mwa zana ndikanakupatsani."

Ndinawathokoza. Nthawi ya baluni lachiwiri inali itakwana, ndiye ndinatsika kukalipopa.

Amake, mwana wathu wamwalira. Ndalemba ndi dzanja langa kuti musadikire kumva kwa munthu wina. Munandipatsa mwana wamoyo ndi lamulo limodzi lokha, ndipo ndikubwera chimanjamanja, ndilibe ngakhale thupi loti musambitse. Pamwamba pa zimenezo ndakumanani misozi yanu sabata zonsezi, chifukwa ndinkaopa kuti mukangolira ndiye kuti zachitikadi.

Ndapempha tchuthi, ndinyamuka ndi adalaivala ulendo wawo wotsatira. Zovala zake ndalongedza, envelopu ija ndi ya mpongozi. Makolo ake muwauze kuti mwana wawo ndi mwana wathu, akhale ngati afuna, apite ngati afuna, ife sitimumanga. Mmisiri mumuthokoze, aime kaye.

Uzani achimwene anu aitane abale. Musadikire kuti ndifike. Tsegulani zitseko, khalani pansi ndi mpongozi wanu, ndipo mulire mokweza monga mayi amalirira mwana wake wachisamba. Ine kuno ndayamba kale, m'chipinda cha mabaluni, poti simulowa munthu.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo a Chimtali